Musanafooketse mech amene anthu akudandaula naye, tsatirani izi

Funso loti mech, chiloboti chankhondo cha mu gemu ya pa kompyuta, afooketsedwe kapena ayi limabwera m'njira ziwiri. Osewera amafunsa atakwiya: "Aliyense akuona kuti mech uyu sakupheka, nanga opanga gemu akudikira chiyani?" Amene ayamba kupanga gemu yawoyawo amafunsa ali ndi nkhawa: "Anthu akulira, koma manambala anga akuti zonse zili bwino. Ndimvere ndani?" Ndayankha mafunso awiriwa mpaka kutopa, ndiye ndaganiza zongolemba kamodzi. Ndilankhula ngati inuyo ndi amene mwagwira chiwongolero cha gemuyo. Ngati ndinu wosewera chabe, werengani ndithu, mudziwa chifukwa chake dandaulo lanu lina limamveka pomwe lina limangodutsa.

Tiyambe tagwirizana mawu. Mech ndi chiloboti chankhondo choyenda ndi miyendo, chimene munthu amakhala mkati n'kumachiyendetsa. Nerf ndi kufooketsa chinthu, buff ndi kuchiwonjezera mphamvu. Patch ndi zosintha zimene zimatulutsidwa pamodzi tsiku limodzi. Meta ndi kaseweredwe kamene akatswiri akhazikikapo panthawiyo chifukwa ndi kamene kakupambanitsa. Zitsanzo zambiri ndizitenga mu MechWarrior Online, gemu ya kampani ya Piranha Games ya ku Vancouver ku Canada, imene inatuluka mu 2013 ndipo anthu 12 amamenyana ndi anthu 12. Ndayisankha chifukwa yakhalitsa, ndipo pafupifupi vuto lililonse limene nditchule inakumanapo nalo anthu akuona.

1. Lembani ntchito ya mech aliyense musanayang'ane nambala iliyonse

Mu gemu imeneyi ma mech ali m'magulu anayi malinga ndi kulemera: opepuka a matani 20 mpaka 35, apakati a 40 mpaka 55, olemera a 60 mpaka 75, ndi zimphona za 80 mpaka 100. Locust ndi wa matani 20, Atlas ndi wa matani 100. Awiriwa akaima maso ndi maso n'kumangoomberana osasuntha, Locust afa, ndipo ayenera kufa. Kulinganiza sikutanthauza kuti aliyense azigonjetsa aliyense. Kumatanthauza kuti wosankha Locust ali ndi njira yakeyake yothandizira timu kupambana: kuona adani msanga, kuzembera kumbuyo kumene chitsulo chotchinga n'chopyapyala, kulanda malo.

Choncho lembani chiganizo chimodzi pa mech aliyense: akuyenera kuchita bwino pati, akuyenera kuvutika pati. Mukapanda kutero, mudzakhala mukuthamangitsa nambala osadziwa nambala imene mukufuna.

2. Sungani zochitika za mpikisano uliwonse, osati zophatikiza

Seva, kompyuta yaikulu imene imayendetsa mipikisano, izilemba mzere umodzi pa wosewera aliyense pa mpikisano uliwonse: mech amene anatenga, zida zimene anamuika, mapu, ngati analowa yekha kapena ndi anzake, luso lake panthawiyo, anafa mphindi yachingati, anaphedwa ndi chida chiti, ndipo zipolopolo zinamugwera mbali iti ya thupi. Ambiri amangosunga kuti mech uyu wapambana kangati mwezi uno. Nambala yotereyi simungayigawenso, ndipo pa sitepe 5 mudzafuna kuigawa kangapo.

3. Mverani madandaulo ngati dokotala amamvera wodwala

Wodwala sanama akati mutu ukupweteka. Koma akanena mankhwala amene akufuna, dokotala sangothamangira kulemba. Dandaulo la wosewera limakhalanso ndi mbali ziwiri zimenezi. "Ndikumafa ndisanaone n'komwe wondiombera" ndi ululu, ndipo ndi zoona. "Chepetsani mphamvu ya mfuti ija ndi theka" ndi mankhwala, ndipo kawirikawiri amakhala olakwika. Lembani ululuwo, mankhwalawo muwaike pambali.

Kenako funsani kuti akudandaula ndani. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko: amalemba ndi amene wangophedwa kumene, wopambana ali kale mu mpikisano wina. Palinso gulu lachitatu limene simudzalimva konse, la anthu amene anasewera masiku awiri, n'kumenyedwa, n'kufufuta gemuyo osanena kanthu. Amenewa amaoneka m'manambala okha, mukayang'ana zimene zinawapha m'mipikisano yawo yomaliza.

Chitsanzo chodziwika ndi mizinga ya LRM, imene imauluka modutsa pamwamba pa zitunda n'kutsata mdani. Kwa wongoyamba kumene, amene sadziwa kubisala kuseri kwa nyumba yaitali kapena kukhala pafupi ndi mnzake wokhala ndi ECM yosokoneza makina olondolera, LRM imakhala ngati mvula ya miyala yosatha. Katswiri amangobisala mizingayo n'kuthera pakhoma. Onse awiri akunena zoona, wina akuti n'njoopsa, wina akuti n'njachabe. Mukasakaniza madandaulo awo m'dengu limodzi mupeza ngati zikulingana, pomwe muli ndi mavuto awiri osiyana.

4. Onani ngati mipikisano yakwana

Apa pali lamulo la masamu limene muyenera kuliloweza. Pa nambala ya kupambana imene ili pafupi ndi 50 peresenti, mwayi wokha ungayisunthe motere: pa mipikisano 100, mapointi pafupifupi 10 mbali iliyonse; pa 2,500, mapointi awiri; pa 10,000, pointi imodzi. Ndiye mech amene wapambana 56 pa mipikisano 100 sanakuuzeni kanthu. Mukhoza kuponya ndalama m'mwamba ka 100 n'kupeza zomwezo.

Muzikumbukiranso kuti ngati muli ndi ma mech mazanamazana, ena adzaoneka pamwamba pa mndandanda sabata iliyonse mwamwayi chabe. Amene wakhala pamwamba masabata angapo motsatizana ndiye woyenera kumukayikira.

5. Chotsani woyendetsa m'nambalayo

Apa ndi pamene malangizo ambiri amalumpha, ndipo apa ndi pamene ma nerf oipa ambiri amabadwira. Nambala ya kupambana siyeza mech. Imayeza mech pamodzi ndi munthu amene wakhala mkatimo, anzake 11, adani 12 ndi mapu. Ntchito yanu ndi kusenda zonsezi mpaka atsale mech yekha.

Tiyerekeze ndi manambala ongopeka kuti muone msampha woyamba. Muli ndi ma mech awiri, A ndi B, aliyense waseweredwa ka 1,000. A wapambana 48 peresenti, B wapambana 52 peresenti. Aliyense anena kuti B ndiye wamphamvu. Tsopano gawani. A amakondedwa ndi ongoyamba: anamusewera ka 800 n'kupambana 46 peresenti, akatswiri anamusewera ka 200 n'kupambana 56 peresenti. B amakondedwa ndi akatswiri: ongoyamba anamusewera ka 200 n'kupambana 44 peresenti, akatswiri ka 800 n'kupambana 54 peresenti. Werengani bwino. M'manja mwa wongoyamba, A akuposa B. M'manja mwa katswiri, A akuposanso B. Komabe mukaphatikiza, B ndiye akuoneka pamwamba, chifukwa choti amayendetsedwa ndi anthu aluso. Akatswiri a masamu amatcha zimenezi Simpson's paradox. Mukadafooketsa B potengera 52 ija, mukadalanga wofooka n'kusiya wamphamvu akuseka.

Msampha wachiwiri ndi makina ogawa matimu, amene amatchedwa matchmaker. Ntchito yake ndi kukumanitsa anthu ofanana luso. MechWarrior Online inayamba ndi njira ya Elo, yomwe Arpad Elo anakonzera masewera a chess, kenako inasintha n'kuika osewera m'magulu asanu, kuyambira Tier 5 ya pansi mpaka Tier 1. Tsopano ganizani. Munthu watenga mech wamphamvu mopyola, wayamba kupambana, makina amukweza, akukumana ndi adani ovuta, kupambana kwake kwabwereranso ku 50 peresenti. Mphamvu ya mech ija sinathe, yangobisala m'kukwera kwa munthuyo. Choncho musamangofunsa kuti akupambana kangati. Funsaninso kuti anthu amene asinthira ku mech ameneyu akukwera kapena ayi, ndipo akamusiya akutsika kapena ayi.

Msampha wachitatu ndi kuchuluka kwa anthu. Pa timu ya anthu 12, mmodzi ndi kachigawo kochepa, ndiye ngakhale mech woopsa kwambiri amangosuntha nambala pang'ono. Kusiyana kwa mapointi awiri kapena atatu, kumene mu gemu ya anthu awiri simungakulabadire, pano kungakhale kwakukulu. Ndipo mech akatchuka kwambiri moti matimu onse awiri ali naye, mbali ina iyenera kugonja basi, ndiye nambala yake imakokedwera ku 50 peresenti. Mech amene wafika poti aliyense ayenera kukhala naye amaoneka wosalakwa kuposa onse. Kuti mumugwire, sankhani mipikisano imene timu ina inali naye wochuluka kuposa inzake, muone mbali imene ikupambana.

Nanga musenda bwanji? Njira imene ndimakhulupirira ndi kuyerekeza munthu ndi iye mwini. Tengani osewera amene m'nyengo imodzimodzi asewera mech wokayikiridwayo kokwanira, tinene ka 50, ndiponso asewera ma mech ena a gulu lomwelo. Kwa munthu aliyense payekha, chotsani kupambana kwake pa enawo ku kupambana kwake pa wokayikiridwayo. Kenako pezani avereji ya kusiyanako kwa anthu onse. Luso la munthu lili mbali zonse ziwiri, ndiye limadzichotsa lokha. Chatsala ndi chimene mech akuwonjezera.

Ngakhale njirayi ili ndi mabowo awiri. Loyamba, munthu amasewera bwino ndi mech amene amamukonda ndi kumudziwa, ndiye pafupifupi mech aliyense aoneka wabwinoko kwa amene amakakamira pa iye. Musayerekeze ndi ziro. Yerekezani ndi kusiyana kumene ma mech ena onse akuonetsa mukawayeza mofanana. Lachiwiri, amene anamuyesa ka 10 n'kumenyedwa n'kumusiya sali m'gulu lanu la ofika 50. Mwatsala ndi okhawo amene zinawayendera. Choncho werengani padera kuti pa anthu amene anamuyesa, ndi angati anamutaya msanga. Mech amene ambiri amamuthawa koma otsalawo amapambana naye kwambiri si wamphamvu mopyola. Ndi wovuta kuphunzira, ndipo mankhwala ake ndi ena.

Mukatha apo, gawaninso kawiri: olowa okha ndi olowa m'magulu, kenako mapu ndi mapu. Anthu anayi olankhulana pa maikolofoni angasandutse mech wamba kukhala chilombo. Mech wa mfuti zakutali amawala pa mapu otambalala n'kuzimiririka m'misewu yopanikizika. Ngati vuto likuoneka pa mapu awiri okha, konzani mapuwo, mech musiyeni.

Chenjezo lomaliza pa sitepe iyi: musakhulupirire nambala ya kuwononga, imene osewera amakonda kujambula n'kuonetsa. Mech amene wamwaza mapointi 800 pa mikono, miyendo ndi mapewa a adani asanu akhoza kusapha aliyense. Wina waika 300 yekha pachifuwa cha adani awiri n'kuwagwetsa onse. Wopepuka amene anakokera adani atatu kutali ndi nkhondo kwa mphindi ziwiri saoneka pa mndandanda uliwonse, koma ndiye anapambanitsa timu.

Mboni imodzi imene sinama kawirikawiri ndi zimene akatswiri amasankha pa mipikisano yolimbirana chikho. Iwo alibe chifundo ndi mech aliyense. Amatenga chimene chikupha. Kungoti meta yawo si ya anthu onse, ndiye muziwamva ngati mboni, osati ngati woweruza.

6. Pezani gwero: ndi thupi la mech, chida, kapena lamulo la gemu?

Mwatsimikiza kuti vuto lilipo. Musathamangire kudula pamene padandaulidwa. Onani ngati ma mech onse onyamula chida chimenecho akwera limodzi. Ngati ndi choncho, vuto ndi chida. Ngati wakwera mmodzi yekha, yang'anani thupi lake. Mfuti zokhala m'mwamba pamapewa zimamulola kuombera atangosuzumira pang'ono pachitunda. Chifuwa chopapatiza chimamwaza zipolopolo za adani. Zinthu ziwirizi sizilembedwa pa tebulo la manambala, koma zimalemera kuposa manambala ambiri.

Nthawi zina gwero limakhala lakuya kuposa zonsezi. MechWarrior Online inachokera ku BattleTech, masewera a pa tebulo a kampani ya FASA amene anayamba mu 1984. Pa tebulo, chida chilichonse chikagunda mumaponya madayisi kuti mudziwe chagunda pati, ndiye kuwononga kumamwazika thupi lonse. Pa kompyuta munthu amaloza ndi mausi, ndipo mfuti zonse zimagwera pamalo amodzi. Opanga gemu anachulukitsa kawiri chitsulo chotchinga, koma sizinakwane. Mu 2013 osewera ankadzaza mech ndi mfuti za PPC ndi Gauss, ena n'kumadumpha kuseri kwa chitunda, kuombera zonse nthawi imodzi, n'kutsikanso. Yankho linali chilango cha kutentha: ukaombera PPC zoposa ziwiri pasanathe theka la sekondi, mech ankatentha mopyola mmene mfutizo zinkayenera kumutenthetsera. Gauss nayo inapatsidwa kanthawi kochajira isanaombe. Osewera anachipatsa chilangochi dzina lakuti ghost heat, kutentha kwa mzukwa, chifukwa wongoyamba sakanatha kuona kumene kukuchokera. Ine ndimachiona ngati chitsanzo cha mankhwala amene anagwira koma mtengo wake n'kukhala lamulo lobisika. Ngati mwaika lamulo lotere, lionekere pamalo pamene munthu akusankhira zida, asalizindikire mech atazima pakati pa adani.

Mu 2014 munabwera ma mech a gulu la ankhondo lotchedwa Clan, amene m'nkhani ya BattleTech zida zawo n'zopepuka ndi zofika patali. Injini yawo yopepuka yotchedwa XL imapirira mbali imodzi ya chifuwa ikaphulika, pomwe XL ya Inner Sphere, gulu la ma mech amene analipo kale, imafera pomwepo. Pofuna kukweza otsalira, kunabwera ma quirk, timabonasi toperekedwa kwa mech mmodzimmodzi, monga chitsulo chowonjezera kapena mfuti ina kuomba mofulumirako. Ubwino wake ndi woti mumakhudza mech mmodzi osagwedeza ena. Kuipa kwake, mukapereka bonasi yaikulu pa chida chimodzi, mwamusankhira munthu zida zoti anyamule.

7. Sinthani pang'ono, chinthu chimodzi, mutawerengera zipolopolo

Tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha. Mukafooketsa mphamvu, mtunda ndi kutentha kwa chida pa patch imodzi, simudzadziwa chimene chagwira ntchito, ndipo nthawi zambiri chidacho chimangofa.

Koma "pang'ono" ali ndi msampha wake. Tiyerekezenso: mbali ya thupi ili ndi mapointi 100, mfuti imachotsa 25. Zipolopolo zinayi, yathyoka. Mwatsitsa kufika 24, kusintha kwa 4 peresenti yokha. Tsopano pakufunika zipolopolo zisanu. Mukadatsitsa kuchoka pa 24 kufika pa 21, kusintha kokulirapo, zikadakhalabe zisanu. Ndiye musanasindikize nambala yatsopano, werengerani kuti ndi zipolopolo zingati ndi masekondi angati ofunika kugwetsa mech wa gulu lililonse mwa anayi aja. Nthawi yophera mdaniyi, imene amaifupikitsa kuti TTK, ndi imene wosewera amamva m'manja.

Mudzamvanso anthu akuti musamafooketse, muzingokweza otsalira. Walira mvula walira matope. Mukamangokweza, zida zonse zimakula pomwe matupi ali pomwepo, anthu amayamba kufa m'masekondi ochepa, ndipo gemu ya ziloboti zolemera imasanduka ya woyamba kuona mnzake. Mech mmodzi akatalika kuposa anzake makumi asanu, dulani mmodziyo.

Palinso nkhani ya ndalama. Ngati mech anagulitsidwa ndi ndalama zenizeni ali wamphamvu, inu n'kumufooketsa patatha mwezi, ogula adzati munawanyenga, ndipo n'kovuta kuwatsutsa. Ndi bwino mech watsopano atuluke ali wofookerapo pang'ono, mudzamukweze pambuyo.

8. Yesani pa seva yapadera

Zosintha zikuluzikulu ziyambire pa seva yoyesera, imene osewera amalowa mwa kufuna kwawo. Mu 2016 Piranha Games inayesa kumeneko njira yotchedwa Energy Draw, yoti ilowe m'malo mwa ghost heat, ndipo pamapeto pake sinalowe mu gemu yeniyeni. Imeneyo ndiye ntchito ya seva yoyesera: lingaliro lifere kumeneko. Ngati anthu akukakamira kusintha kumene inu mukukukayikira, apatseni kumeneko aone okha. Mwana akalirira nyanga ya nsatsi, msemere imufotere yekha.

Dziwani kuti olowa kumeneko ndi ochepa, ambiri ndi akale, ndipo amasewera moyesa zinthu osati mofuna kupambana. Manambala a kupambana a kumeneko musawadalire. Gwiritsani ntchito sevayo kupeza zothyoka, monga kaphatikizidwe ka zida kamene simunakaganizire.

Mungathenso kukhala ndi kagulu ka osewera odziwa amene mumakambirana nawo. Mu 2021, gulu la osewera lotchedwa The Cauldron linayamba kupereka maganizo a zosintha zambiri za MechWarrior Online. Anthu otere amaona m'sabata imodzi zimene manambala angatenge miyezi kuti aonetse. Mungoonetsetsa kuti wina m'chipindamo akuyankhulira wa Tier 5, poti iye sadzabwera kudzadziyankhulira.

9. Lembani zimene mukuyembekezera, tulutsani, dikirani

Patch isanatuluke, lembani papepala lanu: nambala iti isunthe, ndi mapointi angati, kwa gulu liti la osewera, ndipo ikafika pati mudzabweza. Mukapanda kulemba, chilichonse chimene chichitike mudzachitcha chipambano.

Kwa osewera, musangolemba kuti kutentha kwachoka apa kwafika apa. Nenani vuto limene munaona ndi chifukwa chake mwasankha njira imeneyi. Adzakwiyabe, koma madandaulo awo adzakhala okhudza chifukwa chanucho, ndipo amenewo ndi othandiza.

Masiku oyamba manambala amanama. Mech wokwezedwa aliyense amathamangira kumuyesa, ngakhale osamudziwa, ndiye kupambana kwake kungatsike ngakhale mwamupatsa mphamvu. Wofooketsedwa amathawidwa ndi otengeka, n'kutsala ndi eni ake enieni, ndiye kupambana kwake kungakwere. Musakhudze kanthu pokhapokha ngati chinachake chathyoka moonekeratu. Dikirani chiwerengero cha omusankha chikhazikike ndipo mipikisano ikwane monga pa sitepe 4, kenako bwerezani sitepe 5 ndi anthu omwe aja munawayeza poyamba, kuti muone mmene munthu yemweyo akuchitira patch isanabwere ndi itabwera. Onaninso amene watenga mpando wa wofooketsedwayo, chifukwa kawirikawiri pamakhala mech wina amene ankabisika mumthunzi wake. Ngati nambala yadutsa malire amene munalemba aja, bwezani pa patch yotsatira ndipo munene poyera kuti mwabweza.